Timabolodi tanga ta khonje ndatithyola tonse dala

Lachitatu lapitali ndinathyola timabolodi khumi tomwe ndinatha pafupifupi mwezi wathunthu ndikupanga. Ndinatithyola dala, kamodzikamodzi, kope lili pambali ndikulemba chilichonse. Madzulo ake mayi anandiimbira foni kundifunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji, nditawafotokozera anakhala kaye chete kenaka akuti "Ndiye iwe umapanga chinthu bwinobwino kuti uchithyole?" Ndinawayankha kuti eya amayi, chifukwa ndikapanda kuchithyola ine mu labu muno chidzathyokera munthu wina kunjako amene sakudziwa kanthu. Sanatsutse, anangoti ndizisamala maso. Nde ndati ndilembe pano zomwe ndimachita kwenikweni, poti anthu ambiri amandifunsa ndipo pa foni nkhaniyi siitheka kuyilongosola.

Zomwe ndimayesa ndi ma composite a pulasitiki. Dzina lokhalo lisakuopsyeni, nzeru yake tonse tinakula nayo. Amene munaona nyumba yophoma mukudziwa kuti dothi lokha likauma limang'aluka, mitengo ndi nsungwi zokha mphepo imangodutsa, koma ukaziphatikiza chimatuluka chipupa. Njerwa zosakaniza ndi udzu chimodzimodzi. Composite ndi yomweyo, ulusi wolimba womwe umasenza katundu, ndi utomoni wa pulasitiki, timati rezini, womwe umagwira ulusiwo pamodzi kuti usabalalike komanso kupatsirana katunduyo kuchoka pa ulusi uwu kupita pa uwo. Maboti a faibagilasi omwe mumawaona kunyanja ndi ulusi wa galasi mu rezini. Njinga za mpikisano zopepuka zija ndi ulusi wa kaboni, carbon fibre, mu rezini yotchedwa epoxy. Ndege ya Boeing 787 theka la kulemera kwake ndi zinthu zamtunduwu. Ine zanga ndi zapansi kwambiri, ulusi wa khonje lomweli timapotera zingwe, mu rezini ya polyester, ndipo maloto anga ndi oti tsiku lina tidzapangire siling'i kapena pamwamba pa madesiki a ana asukulu m'malo momangodula mitengo.

Kupanga kwake nkotopetsa koma ndimakukonda. Khonje ndimalichapa, kulinyika m'madzi a caustic soda kuti phula ndi zonyansa za pamwamba pa ulusi zichoke rezini ipeze pogwira, kulitsukanso kambirimbiri, kuliyanika mpaka liume gwa. Kenaka kuyala mu chikombole, kusakaniza rezini ndi timadontho ta hadena, mankhwala oumitsa reziniyo, kuthira, nkumakanikiza ndi karola kuti thovu lituluke. Apa pamafunika changu chifukwa rezini ikayamba kugwira siidikira munthu, imayamba kutentha mu kapu momwemo nkusanduka ngati phala lozizira. Fungo lake limakutsatira mpaka mu minibasi. Mawa lake ukatsegula chikombole umapeza bolodi losalala, lowala, ulusi ukuoneka mkati ngati wakodwa mu uchi, ukaligogoda likulira bwino, ukayesa kulipinda ndi manja likukana. Munthu aliyense angoti ichi ncholimba. Ndipo vuto lonse lagona pamenepo, chifukwa maso ndi manja sizikuuza chilichonse za mkatimo.

Mashini omwe timayesera amatchedwa universal testing machine. Ndi chimango chachitsulo chokhala ndi nsanamira ziwiri, pakati pali mtanda womwe umakwera kapena kutsika pang'onopang'ono, ndiye pali nsagwada ziwiri, ina pansi ina pamwamba, zoluma sampulo. Pamwamba pa nsagwadayo pali load cell, kachipangizo komwe kamamva mphamvu yomwe mashini akukoka nayo nkutumiza ku kompyuta. Sitimangodula sampulo mmene tafunira, pali malamulo ake. Ife timatsatira ndondomeko yoyesera yotchedwa ASTM D3039, yomwe pa mtundu wa bolodi ngati langa imalangiza kachidutswa kotalika mamilimita 250, mulifupi 25, kukhuthala cha mma 2.5, ndipo mashini azikoka mamilimita 2 pa mphindi. Mamilimita awiri pa mphindi abale, ukayang'ana umangoona ngati palibe chikuyenda. Usanamange sampulo umayeza mulifupi ndi kukhuthala kwake ndi kachipangizo koyezera kotchedwa caliper malo atatu, chifukwa nambala yomwe tikufuna si mphamvu yokha, ndi mphamvu kugawa ndi kukula kwa pomwe padukapo. Tiyerekeze kachidutswa ndi ka 25 mulifupi ndi 3 kukhuthala, ndiye kuti 75 square millimetres, kakaduka mashini atafika pa ma newton 3,000 ndiye kuti kapirira 40 MPa, kutanthauza ma newton 40 pa square millimetre iliyonse. Ma newton 3,000 ndi ngati wapachika matumba asanu ndi limodzi a chimanga a 50 kg pa kanthu kopyapyala ngati rula ya mwana wa pulayimale.

Koma chomwe ndikufuna ndikuuzeni kwambiri ndi phokoso. Mu labu mukakhala zii, mashini akungong'ung'uza pansipansi, mzere pa sikirini ukukwera mowongoka, umayamba kumva tik. Kenaka chete. Kenaka tik tik, ngati makala akamayaka pa mbaula. Imeneyo ndi rezini ikung'aluka timing'alu tosaoneka, ndi ulusi ukusiyana ndi rezini umodziumodzi. Ukayandikira kuseri kwa galasi lotchingira umaona timadontho toyera tikutuluka mkati mwa sampulo pomwe poyamba panali poonekera bwino, ngati nkhungu yalowa. Sampulo ikadali yathunthu, ikusenzabe katundu, mzere ukukwerabe, koma mkati yayamba kale kufa. Phokoso limachuluka, mzere umayamba kugwedera, kenaka phaa! Mzere wagwa pansi, fumbi loyera lili mmwamba. Tsiku loyamba mtima unagunda kwambiri, osati chifukwa cha phaa uja ayi, koma chifukwa ndinazindikira kuti ndikanaimitsa mashini pa tik wachisanu nkumasula sampuloyo nkukupatsani, mukanaitembenuza uku ndi uku nkunena kuti ilibe vuto.

Mu labu mwathu muli abambo ena achikulire omwe amayang'anira mashini, akhala pamenepo zaka zambiri. Sampulo yanga yachitatu itaduka ndinathamangira kulemba nambala, iwo anandigwira mkono nkuti "Achimwene, musanalembe taonani kaye pomwe yadukira." Inali itadukira m'mano mwenimweni mwa nsagwada ya pamwamba. Akuti imeneyo sinaphedwe ndi kukoka, yaphedwa ndi kuluma, mano a chitsulo aibaya nkuyambitsa mng'alu, nambala yakeyo ikukuuzani za nsagwada osati za bolodi lanu. Nchifukwa chake kumapeto kwa sampulo timamata ma tab, tizidutswa tina toteteza kuti mano asafike pa mnofu. Anga ndinali nditamata mopupuluma, guluu osafika m'mbali. Anandionetsanso kuti mu D3039 momwemo muli zilembo zitatu zolembera mmene sampulo yadukira, choyamba mtundu wa kuduka, chachiwiri dera, chachitatu malo. LGM ndiye kuti yaduka mopingasa, pakati, kutali ndi nsagwada, ndiyo yomwe umafuna. LAT ndiye yadukira pa tab ya kumtunda, imeneyo umaikayikira. Pali mpaka XGM, X kutanthauza kuti yaphulika, zomwe zimachitika ndi carbon fibre yoyalidwa mbali imodzi, imangomwazika ngati tsache. Kuyambira tsiku limenelo zidutswa zothyoka sinditaya, chilichonse chili mu kajumbo kake ndi nambala yake.

Ndipo ukazitenga nkuziyang'anitsitsa zimayankhula. Sampulo za khonje losanyikidwa mu soda zikaduka, ulusi umasololoka wautaliutali, woyera, wouma, opanda rezini yomatirira, mbali inayo kwatsala timabowo pomwe unali. Ndiye kuti ulusi sunaduke nkomwe, wangovuuka ngati chala mu mphete, mphamvu yake yonse sinagwire ntchito. Za khonje lonyikidwa zimaduka mwaufupi, ulusi ndi rezini kudukira pamodzi. Ndinapezanso ina yomwe inaduka msanga kuposa zinzake zonse, nditayang'ana pomwe yadukira panali kathovu kamodzi kakang'ono ngati njere ya mapira, komwe karola kanga kanakaphonya. Kathovu kamodzi. Nkhani iyi ndi yakale, A. A. Griffith anaionetsa cha mma 1920 akuyesa ulusi wa galasi, anapeza kuti ulusi ukamacheperachepera umalimbiralimbira, chifukwa chinthu chimathyokera pa chilema chake chachikulu ndipo kanthu kakang'ono kamakhala ndi malo ochepa obisa chilema. Nchifukwa chake galasi la pawindo limasweka ndi mwala wa mwana pomwe ulusi wa galasi lomwelo ukumanga boti.

Lamulo limati sampulo zisachepere zisanu pa mtundu uliwonse, ndipo ukaziyesa umamvetsa chifukwa chake. Zisanu zodulidwa pa bolodi limodzi, tsiku limodzi, ndi munthu mmodzi, zimakupatsa manambala asanu osiyana. Pa khonje kusiyanako kumakula chifukwa ndi chomera, tsamba ili ndi ilo sizifanana, kunsonga ndi kutsinde sizifanana. Chomwe chimandipweteka ndi kuona anthu akutenga nambala yaikulu pa zisanuzo nkumaionetsa ngati ndiyo mphamvu ya chinthu chawo. Mwana akadzakwera pa desiki sadzasankha pomwe pali polimba, adzaponda paliponse, nde nambala yofunika kuiopa ndi yaying'ono ija.

Chinanso chomwe chimasiyanitsa composite ndi chitsulo ndi mbali. Chitsulo uchikoke uku kapena uku, mphamvu ndi yomweyo. Composite ili ngati nzimbe kapena nsungwi, kuisenda motsatira utali nkosavuta, mano okha akwana, koma yesani kuikoka kuti iduke. Carbon fibre yoyalidwa mbali imodzi mu epoxy ukaikoka motsatira ulusi imapitirira 1,500 MPa, kuposa kutali chitsulo wamba chomangira chomwe chimadukira cha mma 400 mpaka 550, chonsecho ikulemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a chitsulocho. Koma bolodi lomwelo ukalitembenuza nkulikoka mopingasa limaduka cha mma 50 basi, chifukwa apo ukukoka rezini yokha, ulusi wangogona pambali osathandiza. Ndiye munthu akakuuzani kuti chinthu chake ndi cholimba kuposa chitsulo, mufunseni kuti mbali iti, komanso pokoka kapena pokanikiza.

Titatha zokoka tinasintha nsagwada nkuika zopindira. Apa sampulo imagona pa timiyendo tiwiri, chala chachitsulo nkumaikanikiza pakati, monga mmene umathyolera nkhuni pa bondo. ASTM D790 imati mtunda wa pakati pa timiyendoto ukhale ka 16 kukhuthala kwa sampulo. Pansi pa sampulo pamakokeka, pamwamba pamafinyika, nde umaona kuti pagonja ndi pati poyamba. Ukafupikitsa mtundawo kwambiri, cha mma ka 4, yomwe ndi test ina ya D2344, sampulo siithyoka pakati, imayamba kusendeka mkati, magawo omwe unayala kumasiyana ngati masamba a buku lonyowa. Kumeneku timati delamination ndipo ndi matenda oopsa kwambiri a zinthu zimenezi, chifukwa kunja sikuoneka. Chitsulo ukachimenya chimapindika, aliyense amaona kuti apa panagunda china chake. Composite ukaigwetsera sipanala pamwamba pamangotsala kachizindikiro kosaoneka bwino, koma mkati magawo asiyana malo aakulu ngati chikhatho. A zandege ali ndi test yapadera ya zimenezi, amagwetsera chitsulo pa bolodi kenaka nkulifinya kuti aone mphamvu yatsala. Abambo aja anandiphunzitsa njira yosafuna ndalama, kutenga K10 yachitsulo nkumagogoda pang'onopang'ono pa bolodi lonse. Pabwino pamalira kuti ngwe ngwe, pomwe pasendeka mkati pamalira kuti phu phu ngati dzungu loola. Pa zinthu zopyapyala imagwira ndithu, pa zokhuthala pamafunika mashini a ultrasound.

Nkhani yomwe siichoka mmutu mwanga ndikamamva tik tik uja ndi ya Titan. Mukukumbukira, pa 18 Juni 2023 kasitima kapansi pa madzi ka kampani ya OceanGate kanaphwanyika kakupita kukaona zotsalira za sitima yomwe inamira kalekale ya Titanic, anthu asanu nkufera pomwepo, kuphatikizapo Stockton Rush mwini wake wa kampaniyo. Thupi la kasitimako linali la carbon fibre yokhuthala mainchesi 5, kumapeto kwake chitsulo cha titanium. Titanic ili pa mamita pafupifupi 3,800 pansi pa nyanja, pamenepo malo aang'ono ngati chikhadabo cha chala chanu amasenza makilogalamu pafupifupi 400, matumba asanu ndi atatu a chimanga pa chikhadabo chimodzi, ndipo mbali zonse. Tsono ulusi umakonda kukokedwa, monga chingwe. Mu thanki ya gasi mphepo imakankha kuchokera mkati, ulusi nkukokeka, zimayenda bwino. Pansi pa nyanja madzi amafinya kuchokera kunja, ulusi umafuna kupindika, ndipo paliponse pomwe pali khwinya kapena thovu ndi pomwe zimayambira. Ofufuza atatola zidutswa anapezamo zomwezo, makwinya ndi timipata mkati mwa magawo.

Chomwe chimandiwawa nchoti panali munthu amene ananena. David Lochridge, yemwe ankayang'anira ntchito za pamadzi pa kampaniyo, mu Januwale 2018 analemba lipoti lodandaula kuti thupi la kasitimako silinaunikidwe mkati kuti aone ngati mulibe zilema. Anamuchotsa ntchito. Iwo ankadalira timaikolofoni tomata pa thupilo toti tizimvetsera phokoso la ulusi ukamaduka, ati tiziwachenjeza nthawi ikadalipo. Tik tik yemwe uja. Koma aliyense amene anaimapo pafupi ndi mashini athu akudziwa kuti pakati pa phokoso lochuluka ndi phaa pamakhala kanthawi kochepa zedi, ndipo munthu uli makilomita oposa atatu pansi pa madzi. Mu Julayi 2022, atangotuluka pa ulendo wa nambala 80, anthu anamva chiphokoso chachikulu kuchokera mu thupi la kasitimako, koma anapitiriza kukagwiritsa ntchito, nkukasiyanso panja nyengo yonse yozizira ku Canada. Palibe bungwe loima palokha lomwe linakayesa nkukavomereza. Lipoti la US Coast Guard, bungwe la boma la America loyang'anira za panyanja, lomwe linatuluka mu Ogasiti 2025 linanena poyera kuti ngoziyi inali yopeweka. Ulendo uliwonse womwe ankabwerako amoyo ankautenga ngati umboni woti kasitimako nkolimba, pomwe ulendo uliwonse unkawonjezera timing'alu. Kumeneko timati fatigue, chinthu kutopa chifukwa chosenza nkutula, kusenza nkutula, monga mmene waya amadukira ukamamupinda uku ndi uku, ndipo ili ndi test yakeyake yomwe mashini amakoka nkusiya maulendo mamiliyoni.

Yerekezani ndi zomwe Boeing anachita ndi 787. Mu 2009, ndege isanauluke nkomwe, akuyesa pansi anapeza kuti pomwe phiko limalumikizana ndi thupi pakuwonongeka msanga kusiyana ndi mmene makompyuta awo ankanenera. Anaimitsa ulendo woyamba womwe unali utalengezedwa kale, manyazi ndi ndalama zambiri, nkulimbitsa kaye malowo, ndege nkudzauluka pa 15 Disembala 2009. Mu Malichi 2010 anamanga ndege yathunthu mu chimango nkukoka mapiko mpaka 150 peresenti ya katundu wamkulu yemwe angakumane naye mlengalenga, mapiko anapindikira mmwamba mamita pafupifupi 7.6 osathyoka. Makompyuta anali nawo, mainjiniya apamwamba anali nawo, koma chilema chinapezeka pokoka chinthu chenichenicho.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti iwe ukupanga siling'i ya khonje, za ndege ndi za pansi pa nyanja zikukukhudza bwanji. Zikundikhudza chifukwa maganizo ake ndi amodzi. Ndinapitapo pa malo ena pomwe amapanga matanki ndi madenga a faibagilasi, ndinafunsa mwaulemu kuti bwana, zimenezi mumaziyesa bwanji. Anaitana mnyamata wawo wonenepa, anakwera pa chidutswa nkudumpha kawiri, akuti mwaona achimwene, sichithyoka ichi. Sindikuwanyoza, ndi anthu olimbikira ndipo mashini ngati athuwa ndi odula, si aliyense angawafikire. Koma kudumpha kawiri pa chinthu chatsopano sikukuuza mmene chidzakhalire chitakhala pa dzuwa la Okutobala zaka zitatu, madzi ali mkati usana ndi usiku, chitagwetsedwapo kamodzi potsitsa pa lole. Thanki yodzadza ya malita 5,000 ndi matani asanu ali pamwamba pa nsanja, pansi pake ana akusewera. Ine ndikanakonda ma labu omwe alipo atatsegula zitseko kuti amisiri ngati amenewa azibweretsa tizidutswa tisanu pa mtengo woti angakwanitse, aziona okha pomwe chinthu chawo chimadukira, chifukwa munthu ukaona ndi maso ako ulusi wouma ukusololoka, mawa lake karola umakagwira mwamtundu wina.

Kwa ine mdani wamkulu yemwe watsala ndi madzi. Khonje limamwa madzi, ndi chikhalidwe chake, likamwa limafufuma nkukankha rezini yomwe yalizungulira, likauma limanyala nkusiya mpata, ndipo m'mphepete momwe ndadula ndi sowo ulusi uli poyera kungodikira chinyezi. Siling'i ya mu nyumba yodontha nthawi ya dzinja idzakumana nazo zimenezi chaka ndi chaka. Nde pakona ya labu pali beseni la buluu, mkati mwagona timabolodi tina khumi, tisanu ndinatimata rezini m'mphepete, tisanu ndinatisiya choncho. Mmawa uliwonse ndimativuula, kutipukuta ndi kansalu, kutiyeza pa sikelo, kulemba, kutibwezeramo. Tosamata m'mphepete tayamba kale kulemera ndipo mtundu wake wasintha, m'mbali mwayamba kuoneka mbuu. Abambo aja andiuza kuti ndidikire mpaka sikelo isiye kukwera ndiye tidzatimange pa mashini, ndipo ma tab ulendo uno akuti adzaona okha ndisanamate.